Kulowa tinalowa, koma bwanji akazi sitikukwera pa yunivesite?

Nachisale_Highfield
Abale ndi alongo a pa gulu lino, ndikupempha kuti mundithandize maganizo pa nkhani imene yandisowetsa tulo sabata ino. Ndine mphunzitsi pa yunivesite ina muno mu Harare, ndipo chaka chino ndakwanitsa zaka 11 ndikuphunzitsa m'dipatimenti imodzi. Lachiwiri lapitali ndinalandira kalata yondidziwitsa kuti pempho langa lofuna kukwezedwa pa udindo lakanidwa kachiwiri, ati chifukwa mapepala a kafukufuku amene ndasindikiza ndi ochepa. Mnzanga wamwamuna amene tinalembedwa naye ntchito mwezi umodzi anakwezedwa zaka zinayi zapitazo. Sindikumuchitira kaduka, pakuti ndi munthu wolimbikira ndipo zolemba zake ndinaziwerenga. Chimene chikundiwawa ndi china. Nditabwerera ku ofesi ndi kalatayo, ndinatsegula kabati n'kutulutsa mabuku a maminitsi a misonkhano ya dipatimenti yathu. Alipo 7, ndipo onsewo muli dzanja langa kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Palibe tsiku limene anandisankha kukhala mlembi. Pa msonkhano woyamba umene ndinakhalapo, wapampando anamwaza maso m'chipindamo, maso ake n'kuima pa ine, ndipo anangoti, "Mayi, mutilembereko." Kuyambira tsiku limenelo cholembera sichinachoke m'manja mwanga. Kukabwera alendo, woona za chakudya ndine. Wophunzira wamkazi akatenga pathupi, akasowa fizi, kapena akapezeka akulira pakhonde, amamulozera ku ofesi yanga. Pa fomu yopemphera kukwezedwa, ntchito zonsezi zimalowa m'kabokosi kamodzi kakang'ono, pamene kafukufuku ali ndi masamba atatu. Kodi vuto ndi langa, loti sindidziwa kukana, kapena ndi mmene mayunivesite athu anawakonzera?

Injiniya_Belvedere
Achemwali, pepani ndi zimene zakuchitikiranizi, koma ndiloleni ndilankhule mosabisa mawu. Malamulo okwezera aphunzitsi ndi olembedwa, ndipo satchula kuti uyu ndi mwamuna kapena mkazi. Amawerenga mapepala osindikizidwa, ophunzira amene munthu wawatsogolera pa kafukufuku, ndi ndalama za kafukufuku zimene wabweretsa. Amene walowa ntchito imeneyi amadziwiratu zimenezi, ndipo walira mvula walira matope. Komanso tisaiwale kuti akazi anathandizidwa kale. Kuyambira mu 1995, University of Zimbabwe inayamba kulandira atsikana ndi mapointi awiri ochepera pa amene ankafunika kwa anyamata. Munthu amene analemba A-Level amadziwa kulemera kwa mapointi awiri, pamene mapointi onse a maphunziro atatu amathera pa 15. Ine ndinaona anyamata anzanga akutsala kunja chifukwa cha ndondomeko imeneyi. Tsopano tifunanso kuti muyezo wokwezera aphunzitsi utsitsidwe?

NaBanda_Mufakose
A Injiniya, mayiwa sanapemphe kuti muyezo utsitsidwe. Afunsa chifukwa chake maola awo amathera pa ntchito imene muyezowo suwerenga.

Mwana_wa_Mlonda
Ndikufuna kuwayankha a Injiniya pa za mapointi awiriwo, chifukwa ine ndine mmodzi mwa atsikana a nthawi imeneyo. Pamene ndinkakonzekera mayeso a fomu 6 ku Dzivarasekwa, ine ndi mchimwene wanga tinkagona nyumba imodzi ndipo tinkawerengera kandulo imodzi. Iye akaweruka ku sukulu ankadya n'kutsegula mabuku. Ine ndinkayamba ndatsuka mbale, kuphika nsima, kusambitsa ana a achemwali anga aakulu ndi kuchapa yunifolomu ya mchimweneyo. Mabuku ndinkawatsegula anthu onse atagona. Mapointi awiriwo sanali mphatso, anali kuvomereza kuti mayeso amodzi tinawalemba titachokera mitunda yosiyana. Ndipo titalowa m'kalasi, palibe anatichepetsera malikisi. Digiri ndinaipeza ndi mayeso omwewo amene analemba anyamata. Chimene chinandipweteka n'chakuti kwa zaka zitatu zonse anyamata ena ankatitchula kuti ndife olowera pawindo, ngakhale atsikana amene anali ndi mapointi oposa awo.

Agogo_a_ku_Mbare
Ana inu, ine ndakalamba ndipo pa yunivesite sindinapondepo ngati wophunzira, koma ndili ndi mawu pang'ono. Bambo anga anachokera ku Dedza pa nthawi ya Chitaganya, kudzagwira ntchito m'nyumba za azungu muno mu Salisbury. Sukulu ya ku Mount Pleasant ija, imene lero ndi University of Zimbabwe, nthawi imeneyo inkatchedwa University College of Rhodesia and Nyasaland, kutanthauza kuti dzina la kwathu linali pa chikwangwani chake, koma ana a ophika ndi a m'minda ya maluwa sitinkailota n'komwe. Kunyumba kwathu tinalipo ana asanu ndi mmodzi. Ndalama zitachepa, bambo anasankha ife amuna awiri kuti tipitirize sukulu, ndipo alongo athu anayi anatsala. Wanzeru kuposa tonsefe anali mlongo wanga wachiwiri, amene ankandiphunzitsa samu iye atasiyira sitandade 4. Anamwalira akugulitsa tomato pa Mbare Musika. Ine ndinadya mwayi wake, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhazikike pa nkhani imeneyi. Muyenera kukumbukiranso kuti mpaka mu 1982, pamene boma linakhazikitsa lamulo loti munthu aliyense wa zaka 18 ndi wamkulu, mkazi wachikuda kuno ankawerengedwa ngati mwana pamaso pa lamulo, woyang'aniridwa ndi bambo ake kapena mwamuna wake. Amene akhala m'makomiti okweza anzawo lero, ambiri analeredwa ndi makolo a nthawi imeneyo. Choncho mwanawe Nachisale, wapampando uja pokupatsa cholembera mwina sanaganize n'komwe kuti akulakwa. Anangochita zimene anaona kwawo.

Wachaka_Chomaliza
Zikomo agogo. Ine ndine wophunzira, ndipo ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndaona kuti ndinene zanga ngakhale manja akunjenjemera. Malo ogona pa sukulu pathu ndi ochepa, ndiye ndimakhala kwa azakhali ku Glen View. Ndimakwera kombi ziwiri popita ndi ziwiri pobwera. Magetsi akazima kunyumba, malo okhawo owerengera ndi laibulale, koma anyamata amatha kukhala mpaka itatsekedwa, pamene ine ndiyenera kunyamuka dzuwa lisanalowe, chifukwa kudikira kombi m'tauni usiku uli mtsikana wekha ndi kudziika m'mavuto. Loweruka ndimakhala pa mzere wa ku mjigo ndi zigubu, pamene ana aamuna a azakhali ali pa foni. Zimenezi ndinazolowera. Chimene sindingathe kuzolowera ndi cha mphunzitsi amene anapatsidwa kuti aziyang'anira kafukufuku wanga. Mutu woyamba anaubweza kanayi popanda kulembapo chilichonse chofuna kukonza. Ulendo wachisanu anandiuza kuti ndibwere 6 koloko madzulo, makhonde onse atatha anthu. Nditalowa anatseka chitseko, makiyi n'kuwaika m'thumba la jekete, ndipo anati mutuwo ukhoza kudutsa lero lomwe ngati ndili womvetsa zinthu. Ndinanama kuti mchimwene wanga akundidikira panja ndipo akundiimbira foni. Anatsegula. Kuchokera tsiku limenelo mauthenga anga sayankha, ndipo tsiku lopereka kafukufuku layandikira. Kudandaula ndikuopa, chifukwa amene akalandire dandaulo langa amamwa naye tiyi tsiku lililonse.

Namwino_Glen_Norah
Mwanawe, iwe sunalakwe chilichonse. Usakalowenso mu ofesi imeneyo wekha, ndipo uthenga uliwonse umene anakutumizira usaufufute.

Loya_wa_ku_Avenues
Ndikugwirizana ndi a Namwino, ndipo ndiwonjezere za malamulo kuti tonse tidziwe pamene tayima. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a mu 2013, m'gawo 56, amaletsa kusala munthu chifukwa choti ndi mkazi, ali ndi pakati, kapena ali pabanja kaya ayi. Gawo lomwelo limalola boma kuchitapo kanthu pothandiza magulu amene anaponderezedwa kale, ndipo limanena kuti kuchita zimenezi si tsankho. Ndiye a Injiniya, ndondomeko ngati ya mapointi ija ili ndi poyimira. Gawo 17 limalamula boma kulimbikitsa kuti akazi azitenga nawo mbali mofanana ndi amuna m'zochitika zonse za dziko, ndipo gawo 65 limapatsa mkazi wapantchito tchuthi cha uchembere cholipidwa chosachepera miyezi itatu, chimene lamulo la zantchito limachiika pa masiku 98. Malamulo omwewo ndi amene anakhazikitsa Zimbabwe Gender Commission, imene ili ndi mphamvu yolandira madandaulo ndi kuwafufuza, ndipo si nthambi ya yunivesite iliyonse. Mchemwali wanga Wachaka_Chomaliza, usiku uno lemba m'kope zonse zimene zinachitika, masiku ake, nthawi yake ndi mawu amene ananenedwa. Kenako lemba kalata yopempha kuti akusinthire woyang'anira kafukufuku, usunge kope yake yodindidwa. Pempho limeneli ukhoza kulipereka ngakhale usanaganize zokasuma. Mlandu suola, choncho yamba wateteza digiri yako. Vuto limene ndimaliona kawirikawiri n'lakuti wodandaula ndiye amalipira mtengo wonse. Iye ndi amene amachedwa kumaliza, amalozedwa zala ndi anzake, amafunsidwa kuti anavala chiyani ndipo anapitiranji madzulo, pamene wodandaulidwayo akupitiriza kuchonga mayeso. Mu 2019 atolankhani a BBC anajambula mobisa aphunzitsi ena a pa University of Lagos ndi University of Ghana akuchita zangati zomwezi, ndipo anthu ambiri anakhulupirira chifukwa choti anaona ndi maso. Mtsikana wa ku Glen View alibe kamera yobisika, ali ndi mawu ake okha.

Phiri_wa_ku_Norton
Inu mukukamba za amene anafika pa yunivesite, koma ife a m'mafamu ana athu ambiri safika n'komwe pa geti. Lamulo la unzika litasintha mu 2001, anthu ambiri obadwira konkuno kwa makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anapezeka kuti si nzika, ndipo zitupa zawo zinali zolembedwa kuti ndi alendo. Malamulo a 2013 anakonza zimenezi papepala, koma kholo limene lilibe chitupa limavutika kutengera mwana kalata ya kubadwa, ndipo mwana wopanda kalatayo amavutika polembetsa mayeso. Ndikudziwa mabanja amene mpaka lero akuyendera nkhani imeneyi.

NaBanda_Mufakose
Zimenezo n'zoona a Phiri, ndipo nkhani ya zitupa ikufunika tsiku lakelake pa gulu pano. Komabe ngakhale pamenepo kusiyana kulipo. Banja likapeza ndalama yoyendera mapepala a mwana mmodzi, kawirikawiri amayamba ndi wamwamuna, ndipo wamkazi amauzidwa kuti adikire mpaka atapeza banja. Tibwerere kwa mayi Nachisale ndi mtsikanayu.

Mlendo_wa_ku_Zomba
Ine ndinabwera kuno zaka zitatu zapitazo kudzagwira ntchito, ndipo maphunziro anga ndinachitira kumudzi. Ndikufuna kunena kuti kwathu ku Malawi nakonso malamulo alipo abwino. Lamulo la Gender Equality Act la mu 2013 limati boma lionetsetse kuti m'sukulu za ukachenjede, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse ndipo asapitirire 60. Limatchulanso nkhanza zokhudza kugonana kuti ndi mlandu. Tili ndi Pulofesa Address Malata, amene anayamba ngati namwino ndi mzamba mpaka kufika potsogolera Malawi University of Science and Technology ku Thyolo, ndipo atsikana ambiri amalimba mtima akamuona. Mu 2011, aphunzitsi a ku Chancellor College atanyanyala ntchito pomenyera ufulu wophunzitsa mosaopsezedwa, amene anali patsogolo pawo anali mayi, Jessie Kabwila. Kuno nako munali ndi malemu Pulofesa Primrose Kurasha ku Zimbabwe Open University. Koma taonani mmene tikuwatchulira mayina amenewa mosavuta. Tikuwatha ndi zala za dzanja limodzi chifukwa ndi ochepa. Mukalowa mu holo tsiku lopereka madigiri, muyang'ane ophunzira ovala mikanjo, muona akazi ambirimbiri. Kenako muyang'ane ku nsanja kumene kwakhala mapulofesa, muwerenge akazi amene ali kumeneko.

Injiniya_Belvedere
Za mtsikanayu zandikhudza kwambiri, ndipo munthu wotereyo sayenera kukhala m'kalasi. Pamenepo palibe mtsutso. Koma pa za kukwezedwa ndikadali ndi funso. Ngati mayi Nachisale anaona kuti maminitsi akuwadyera nthawi, analekeranji kukana chaka choyamba chomwe? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Nachisale_Highfield
Achimwene, ndinakanapo kamodzi, m'chaka changa chachitatu. Ndinanena mwaulemu kuti tizisinthana. M'chipindamo munangoti zii, kenako mkulu wina anati sankadziwa kuti ndine wovuta chonchi. Mawu amenewo ananditsata kwa zaka ziwiri, ndipo msonkhano wa akatswiri wa kunja utapezeka, dzina langa silinatumizidwe. Mwamuna akakana ntchito yotere amati ndi wotanganidwa ndi kafukufuku, koma mkazi akakana amati ndi wamwano. Ndiye ndikufunseni inuyo, popeza ndikudziwa kuti munachita digiri ya udokotala wa maphunziro (PhD) kunja. Zaka zimenezo ana anu ankawalera ndani?

Injiniya_Belvedere
Funso limeneli landikhalitsa chete kwa kanthawi. Ndinakhala ku South Africa zaka zinayi. Ana athu atatu anatsala ndi mayi a kunyumba, amene ndi mphunzitsi wa ku sekondale, ndipo mayi anga atadwala sitiroko anawasamalira ndi iwo omwewo. Iwo anali atapeza malo ochitira digiri yachiwiri chaka chimene ine ndinanyamuka, ndipo tinagwirizana kuti ayambe ndikabwerako. Ndinabwera zaka 9 zapitazo, ndipo sanayambebe. Pa tsamba loyamikira m'buku langa la kafukufuku ndinawapatsa mzere umodzi. Sindikusintha maganizo anga oti pulofesa ayenera kukhala munthu wofufuza ndi kusindikiza, koma ndikuvomera kuti mapepala anga sindinawalembe ndi nthawi yanga yokha.

Mayi_wa_Chigwirizano
Bambo, mwachita bwino kunena zimenezi poyera, ndipo ndikhulupirira kuti mukazinenanso kunyumba. Ine ndikufuna kuloza chala kwa ife amayi ndi kwa mipingo yathu. Mtsikana akalandira digiri yoyamba timavina ndi kululutira. Akanena kuti akufuna yachiwiri, ndife tomwe timayamba kumunong'oneza kuti amuna adzamuopa. Pa chilangizo cha ukwati timamuuza za kuphika, kulandira alendo ndi kupirira, koma sindinamvepo ankhoswe akufunsa mnyamata kuti adzachita chiyani kuti maphunziro a mkazi wake asaime. Mwana wanga wamkazi anatenga pathupi ali chaka chachiwiri pa koleji ina. Mnyamatayo, amene anali m'kalasi lomwelo, anapitiriza osajomba ngakhale tsiku limodzi. Wanga anataya malo ogona ndipo analemba mayeso patangotha masabata atatu chibadwire mwana, ine nditakhala pa benchi panja ndi khandalo kuti aziyamwitsa pakati pa mapepala. Lamulo la maphunziro linasinthidwa mu 2020 kuti mtsikana wa pathupi asachotsedwe sukulu, ndipo ndi chinthu chabwino, koma lamulo silinyamula mwana. Yunivesite imene ili ndi bwalo la mpira ndi malo oimika magalimoto singalephere kupeza chipinda chimodzi choyamwitsira ndi kusungiramo ana.

Mwana_wa_Mlonda
N'chifukwa chake Pulofesa Hope Sadza ndi Dr Fay Chung, amene anakhalapo nduna ya maphunziro, anayambitsa Women's University in Africa mu 2002, poganizira makamaka amayi amene anasiyira maphunziro panjira chifukwa cha banja ndi umphawi. Achemwali anga aakulu aja anabwerera ku sukulu ali ndi zaka za m'ma 40 chifukwa cha mwayi wotero.

NaBanda_Mufakose
Ntchito ya amayi awiriwo ndimailemekeza, koma sindifuna kuti ikhale pothawira mayunivesite enawa. Mayunivesite a boma amayendera misonkho ya tonse, kuphatikizapo ya mayi wogulitsa masamba ku Mufakose, ndiye ayenera kukonzedwa kuti mwana wa mayiyo akhalemo mwaulemu. Ndipo nkhondo imeneyi si ya lero. Wangari Maathai wa ku Kenya, amene mu 1971 anakhala mkazi woyamba kum'mawa ndi pakati pa Africa kulandira digiri ya udokotala wa maphunziro, anayamba kulimbana ndi University of Nairobi kuti aphunzitsi aakazi azilandira zofanana ndi amuna, kalekale dziko lisanamudziwe ndi za mitengo ndi mphoto ya Nobel ya 2004. Konkuno Pulofesa Rudo Gaidzanwa wakhala akufufuza ndi kulemba za moyo wa akazi pa yunivesite kwa zaka zambiri. Chimene chikusowa si umboni. Ine ndinagwirapo ntchito mu ofesi yolemba anthu ntchito, ndipo ndikuona zinthu zimene dipatimenti ingachite popanda kupempha ndalama kwa wina aliyense. Ulembi ndi ntchito zina zotere zizizungulira motsata mndandanda wa mayina, ndipo zizilembedwa ndi maola ake kuti komiti yokweza anthu iziona. Miyezi ya uchembere isamawerengedwe poyeza kuchuluka kwa mapepala a munthu. Misonkhano izitha nthawi yoweruka isanakwane, chifukwa zambiri zimagamulidwa ku malo omwera mowa Lachisanu madzulo, kumene mayi wapabanja akapezekako mawa lake dzina lake laipa. Boma likamakamba za Education 5.0, ndondomeko yake ya maphunziro a ukachenjede, limatchula kutumikira anthu ngati imodzi mwa ntchito zisanu za yunivesite. Ngati zili choncho, kusunga wophunzira amene akanasiya sukulu kuyenera kulemera pa sikelo.

Phiri_wa_ku_Norton
Nanga mayi Nachisale akasiya kulandira atsikana aja ku ofesi yawo, apita kwa yani?

Nachisale_Highfield
A Phiri, funso lanulo ndi limene landigwira kwa zaka zonsezi, ndipo atsikanawo sindiwasiya. Chimene ndisiye ndi kugwira ntchitoyi mobisika. Usiku wathawu ndawerenga misonkhano yonse ya m'mabuku 7 aja ndi mayina a makomiti amene ndakhalamo, ndipo ndazilemba pa tsamba limodzi limene ndiphatikize ku kalata yanga yopempha kuti aunikenso chigamulo chawo. Lachinayi tili ndi msonkhano wa dipatimenti. Ndapempha kuti pa mndandanda wa zokambirana paikidwe mfundo ya kasinthasintha wa ulembi, ndipo anzanga awiri, mmodzi mwa iwo wamwamuna, avomera kuikira kumbuyo. Buku lachisanu ndi chitatu ndikalisiya pakati pa tebulo. Iwe mwanawe Wachaka_Chomaliza, nditumizire uthenga kumbali usiku uno. Kalata yopempha kusintha woyang'anira tiilembera limodzi, a Loya akaiona, ndipo tsiku lokaipereka ndidzakuperekeza mpaka pakhomo la ofesiyo.

Wachaka_Chomaliza
Zikomo kwambiri mayi. Magetsi angoyaka kumene kuno, ndiye ndikayamba ndalemba masiku aja m'kope monga anenera a Loya, kenako ndikutumizirani.